Magitala Osema Pamanja Kumwera kwa Nyanja ya Malawi: Mbiri ya Luso ndi Mau Ake

1. Mau oyamba

Nkhani ino ikulongosola mbiri ya gitala ndi banjo zopangidwa pamanja m'midzi ya kumwera kwa Nyanja ya Malawi, makamaka m'dera la Malindi ndi Mangochi. Tifuna kuona njira zimene zoimbira zachilendozi zidalowera m'dziko muno, m'mene amisiri adazisandutsira zao pogwiritsa ntchito zinthu zotsika mtengo zimene adali nazo pafupi, ndiponso mau amene adabwerekedwa kapena kupatsidwa tanthauzo latsopano pa ulendo wonsewo. Mwina awerengi ena adabwa kuona nkhani ya matabwa ndi mawaya m'mapepala a sukulu ya zilankhulo. Chifukwa chake n'chakuti pali funso limene lakhala likuvutitsa okonza chilankhulo chiyambire chaka cha 1972, pamene Bungwe la Chichewa lidakhazikitsidwa: pofuna mau a ntchito zaluso, kodi tiyambire pa mndandanda wa mau a Chingerezi n'kumawamasulira limodzilimodzi, kapena tiyambire pakamwa pa mmisiri amene akugwira ntchitoyo? Gitala ndi chitsanzo chabwino poyesa funsoli popeza mbiri yake m'Malawi njaifupi, ndipo magwero a mau ake ambiri akadaonekabe.

2. Zoimbira za nsambo gitala isanafike

Anthu a m'mbali mwa nyanja adali ndi zoimbira za nsambo kalekale gitala isanamveke. Bangwe ndi thabwa lopyapyala loboola kumapeto onse awiri, m'mene amapisamo chingwe chimodzi chachitali mobwerezabwereza mpaka chipange nsambo zisanu ndi ziwiri kapena kuposerapo. Kaligo ali ndi nsambo imodzi yokwecha ndi kauta, ndiponso kang'oma kokutidwa ndi chikopa. Zeze adafika m'zaka za m'ma 1800 potsata njira za malonda zochokera kugombe la Nyanja ya Mchere, njira zimene Ayao adali kuyendamo ndi minyanga, nsalu ndi akapolo. Chofunika kudziwa pano n'chakuti oimba bangwe sadachedwe kulandira waya m'malo mwa chingwe, ndiponso chitini cha palafini m'malo mwa chipanda chokuzira mau. Mchitidwe wotola chitsulo chotayidwa n'kuchiliza udayamba ndi bangwe, ndipo opanga banjo adaupeza ulipo kale.

Chimodzimodzinso ndi gule wa beni, amene Ayao a ku Mangochi amavina kufikira lero. Dzina lake lidachokera ku liu la Chingerezi la band, ndipo Terence Ranger adalemba mbiri yake m'chaka cha 1975. Ovina beni, pamodzi ndi anzao a malipenga kumpoto kwa nyanja, adatengera magulu oimba a asilikali a Azungu napanga zoimbira zao ndi zipanda, zikopa ndi mitengo ya kwao. Sadadikire kuti wina awagulire lipenga la mkuwa.

Pali kanthu kena kochititsa chidwi m'mbiri ya mau. Liu lakuti gitala, tikalilondola kupyolera m'Chingerezi ndi m'Chisipanishi, limakafika ku liu la Chigiriki lakuti kithara. Liu lomwelo lili m'Chipangano Chatsopano, ndipo omasulira Buku Lopatulika, limene lidatuluka lathunthu m'chaka cha 1922, adaliika m'Chinyanja ngati zeze. Tsono liu limodzi lidagogoda pakhomo pathu kawiri. Litabwera m'buku, omasulira adalipezera dzina lakwathu. Litabwera paphewa pa munthu wochokera ku migodi, lidalowa ndi dzina lake lomwe, popanda womasulira aliyense kufunsidwa.

3. Malindi ndi ntchito ya matabwa

Malindi ali kum'mawa kwa nyanja, pang'ono kumpoto kwa boma la Mangochi, m'tsinde mwa mapiri a nkhalango ya Namizimu. Mbiri yake yolembedwa njolumikizana ndi mishoni ya Universities' Mission to Central Africa, imene idakhazika likulu lake la kunyanja pa chilumba cha Likoma m'chaka cha 1885. Mishoni imeneyi idali yoyenda pamadzi. William Percival Johnson adaona kuti midzi ya m'mbali mwa nyanja ingafikidwe bwino ndi sitima, ndipo sitima ya Chauncy Maples, yopangidwa ku Glasgow ndi kubwera nayo zidutswazidutswa, idalumikizidwa kuno kumwera niyamba kuyandama m'chaka cha 1901. Sitima imafuna malo okonzera, ndipo Malindi adasanduka malo a ntchito za zitsulo ndi matabwa za mishoniyo. Pamalopo padadzanso chipatala cha St Martin's ndi sukulu ya St Michael's.

Amishoni sadaphunzitse munthu kupanga gitala, ndipo nkhani ino sikunena zimenezo. Chimene adabweretsa ndi zipangizo, kagwiridwe ka ntchito ndi mau. Mmisiri wosema bwato amayamba ndi chipika chimodzi, nachotsa zam'kati ndi nsompho mpaka chitsale chimene akufuna. Kalipentala amayamba ndi matabwa ochekacheka, nawapala, nawalumikiza ndi misomali kapena guluu. Njira ziwirizi zimaoneka bwino lomwe m'zoimbira zopangidwa m'midzi. Banjo zambiri nzosemedwa monga bwato kapena mtondo wosinjira, khosi ndi mimba zochokera ku mtengo umodzi. Gitala imene ikutsanzira ya m'sitolo njokhomedwa monga bokosi. Aneni akuti kusema ndi kukhoma akusunga kusiyana kumeneku, ndipo dikishonale imene ingawaike pamodzi ngati mau ofanana ndi kupanga idzakhala itataya mbiri yonseyi.

Mau a zipangizo akuonetsa magulu a alendo monga m'mene adafikira. Msomali udachokera ku Chiarabu kudzera m'Chiswahili, ndiponso fundi, liu limene limamveka ku Mangochi pambali pa mmisiri, lidadza ndi njira yomweyo ya kugombe. Thabwa lidachokera ku Chipwitikizi tábua. Sowo, hamala, tchizulo, sikuluu, guluu ndi vanishi nza Chingerezi, ndipo zidapeza nyundo, nsompho ndi ulimbo zilipo kale. Liu lakuti thabwa liyenera kuyang'anitsitsidwa. M'Chipwitikizi mulibe mpweya pa t, koma Chichewa chidaliika m'gulu la Li-Ma nichilipatsa kusinthana kumene timakuona pa phiri ndi mapiri, khasu ndi makasu, thako ndi matako. Mau a Chingerezi obwera pambuyo sachita zimenezi: timati kiyi ndi makiyi, tebulo ndi matebulo. Sitinganene kuti mpweyawu ndi muyeso wosalakwa wa zaka za liu, pakuti kalata, liu la Chipwitikizi lomwe, lidalowa m'gulu lina osaulandira. Komabe pamene ulipo umatiuza kuti liulo lidakhazikika lamuloli likadali ndi mphamvu.

4. Njira ya ku Joni ndi ku Halale

Gitala ndi banjo zidafala m'Nyasaland makamaka nkhondo yachiwiri itatha m'chaka cha 1945. Zidabwera ndi asilikali a King's African Rifles ndiponso ndi amuna ochokera ku migodi ndi m'mafamu a Southern Rhodesia ndi South Africa, amene adapita kudzera ku Wenela, ku Mthandizi, kapena paokha wapansi. Kampani ya Gallo ku Johannesburg idali kugulitsa magitala otsika mtengo a dzina la Gallotone, ndipo imodzi mwa iwo idakafika mpaka ku Liverpool m'manja mwa John Lennon ali mnyamata. Munthu wobwera ku Joni ndi njinga, galamafoni ndi gitala adali kudziwika m'mudzi monse. Wailesi ya ku Lusaka, imene idali kuulutsa m'Chinyanja, idafika m'nyumba zambiri kuyambira m'chaka cha 1949 pamene kawailesi kotsika mtengo ka Saucepan Special kadayamba kugulitsidwa. Choncho anyamata amene sadaponde ku Halale adamva kulira kwa gitala asanaigwire. Ana a Paseli ku Zomba adaimba za Napolo wa m'chaka cha 1946, ndipo Hugh Tracey adajambula oimba a m'dziko muno m'zaka za m'ma 1950.

Apa ndipo padayambira luso limene tikukambali. Ofuna kuimba adali ambiri, magitala adali owerengeka, ndalama zidali za msonkho ndi nsalu. Mnyamata adatenga chigubu cha mafuta, nachiboola, napisamo thabwa losema, nakungapo mawaya osomola m'chingwe cha buleki ya njinga. Wina adasema mimba ya mtengo naikuta ndi chikopa cha mbuzi, chimene amachiwamba pamoto chikalefuka, monga achitira ndi ng'oma. M'mbali mwa nyanja chingwe cha nailoni cha asodzi chidapezanso ntchito yachiwiri. Nsambo zidali zitatu kapena zinai. Giddes Chalamanda wa ku Chiradzulu, amene adabadwa m'chaka cha 1930, adadziwika ndi choimbira cha mtundu umenewu, ndiponso Allan Namoko wa ku Thyolo ndi gulu lake la Chimvu River adakweza banjo kufikira imfa yake m'chaka cha 1995.

Zimene tikudziwa mwatsatanetsatane za kaimbidwe ka nthawi imeneyo zidachokera kwambiri ku ntchito ya Gerhard Kubik, amene adakumana ndi Daniel ndi Donald Kachamba ku Blantyre m'chaka cha 1967, ndi ya Moya Aliya Malamusi wa ku Chileka. Banja la Kachamba lidakhalako ku Salisbury, kumene anyamatawo adamva nyimbo za kwela. M'magulu a kwela mudali choimbira cha nsambo imodzi chokhala ndi bokosi la tiyi, chimene kuno chidatchedwa babatoni. Lero babatoni adakula nasanduka ng'oma yaikulu ya chikopa cha ng'ombe yokhala ndi mtengo wautali, woimba nakhalapo pamwamba, monga aonekera m'manja mwa Gasper Nali wa ku Nkhata Bay ndi Yobu Maligwa wa Madalitso Band. Kubik adalembanso liu lakuti hauyani, kaimbidwe kotsetsereza botolo kapena mpeni pa nsambo, kamene kadayamba ku Hawaii kumapeto kwa zaka za m'ma 1800. Dzina la zilumba za pakati pa Pacific lidasanduka dzina la kachunidwe ka gitala m'midzi ya ku Chileka, ndipo oimba ambiri adalitchula osaganizako za zilumbazo.

Boma lidaimitsa ulendo wa Wenela m'chaka cha 1974, ndege itagwa ku Francistown nipha Amalawi oposa 70. Khomo lina lolowera magitala lidachepa pamenepo. Luso la m'mudzi silidafe, ndipo kuyambira m'chaka cha 2012, pamene chimbale choyamba cha Malawi Mouse Boys chidatuluka kunja, magitala a zitsulo zotola akhala akuimbidwa m'mabwalo a ku Ulaya ndi ku America.

5. Mitengo yachilendo nja yani?

Kunja, opanga magitala pamanja amanyadira mitengo imene m'Chingerezi amaitcha exotic, ndiye kuti mitengo yosowa yochokera kumaiko otentha. Womasulira wofulumira angalembe kuti mitengo yachilendo, ndipo pamenepo wasokoneza owerenga ake onse. M'Chichewa cha alangizi a zankhalango, mitengo yachilendo ndi bulugamu, paini, malaina, keshya ndi sendeleya, ndiyo mitengo wamba yotsika mtengo imene idadzalidwa m'nthawi ya atsamunda ndi pambuyo pake. Imene mmisiri wa ku London kapena ku California amaitcha yachilendo ndi imene ife timati yachilengedwe: phingo, mbawa, mlombwa. Liu la Chingerezilo lili ndi matanthauzo awiri, lina la amalonda lina la a zankhalango, ndipo onse awiri amayeza kuchokera pamene wolankhula waima. Poti Malindi si London, kumasulira kolunjika kukupereka tanthauzo lotembenuka.

Kuti timve chifukwa chake mitengoyi imafunidwa, tiyenera kudziwa ntchito ya chigawo chilichonse. Nsambo payokha siimveka patali. Kunjenjemera kwake kumalowa m'thabwa la pamwamba, ndipo thabwalo ndilo limakankha mpweya. Motero thabwa la pamwamba liyenera kukhala lopepuka koma losapindika msanga, lopalidwa mpaka mamilimita awiri kapena atatu, lochirikizidwa ndi timitanda m'kati. Ku Ulaya ndi ku America amagwiritsa ntchito mitengo ya kumaiko ozizira, spruce ndi cedar. Msana ndi nthiti zimafuna mtengo wolimba, khosi limafuna mtengo wosakhota pakuti nsambo zisanu ndi imodzi zachitsulo zimakoka ndi mphamvu ya makilogalamu pafupifupi 70, ndipo thabwa lopondapo zala limafuna mtengo wosaperepeseka.

Phingo, m'Chilatini Dalbergia melanoxylon, m'Chiswahili mpingo, ndi wolemera kotero kuti amamira m'madzi. Ndiye mtengo wa zitoliro za clarinet ndi oboe, ndipo wambiri amatuluka ku Tanzania ndi ku Mozambique. Amakula pang'onopang'ono, zaka 70 kapena kuposerapo asanafike pochekedwa, ndipo kawirikawiri amakhala wokhota ndi wamphako, kotero kuti thabwa lalikulu lokwana msana wa gitala limasowa. Kwathu kuno ambiri amamdziwa m'ziboliboli zogulitsa kwa alendo. Mbawa ndi wa mtundu wa Khaya, umene m'masitolo akunja umagulitsidwa ndi dzina la African mahogany, ndipo magitala ochuluka a m'mafakitale ali ndi khosi, msana ndi nthiti za mtundu umenewu. Mlombwa, Pterocarpus angolensis, ndi umene Ayao amati mtumbati, a ku Zambia mukwa, a ku Mozambique umbila. Ubwino wake ngwakuti suchita kufota kapena kupindika kwambiri pouma, ndipo amisiri a ng'oma ndi mbira m'chigawo chino cha Afirika adaudziwa kalekale. Mkungudza wa ku Mulanje, umene udalengezedwa kukhala mtengo wa fuko m'chaka cha 1984, ngwopepuka ndi wonunkhira, koma udadulidwa mpaka kutsala pang'ono kutheratu paphiripo, ndipo suyenera kuwerengedwanso pakati pa mitengo yogwirira ntchito.

Malamulo a maiko onse asintha malonda a mitengoyi. Pangano la CITES lidaletsa malonda a Brazilian rosewood m'chaka cha 1992. Kuyambira mu Januwale 2017 mitundu yonse ya Dalbergia, phingo yemwe, idafuna chilolezo podutsa malire, ngakhale kuti mu 2019 zoimbira zomalizidwa zidachotsedwa m'lamulolo. Msonkhano wa ku Panama wa mu Novembala 2022 udaonjezapo mitundu ya mu Afirika ya Khaya, Pterocarpus ndi Afzelia. Ku America kampani ya Gibson idafufuzidwa ndi boma mu 2009 ndi mu 2011 pa nkhani ya mitengo ya ku Madagascar ndi ku India, nilipira chindapusa mu 2012. Kuno lamulo la nkhalango la 1997, lokhwimitsidwa mu 2020, limateteza nkhalango monga Namizimu, koma makala, fodya ndi macheka zapungula mitengo yachilengedwe m'maboma ambiri. Zotsatira zake nzakuti mbawa ndi mlombwa zakwera mtengo ngakhale kwa kalipentala wa pa Mangochi, amene agogo ake adali kuziona pakhomo.

Kodi tsono gitala yabwino yotsika mtengo njotheka? Mbiri ya luso lomweli ikuyankha. Antonio de Torres, mmisiri wa ku Spain amene adakhazikitsa maonekedwe a gitala ya masiku ano, adapanga gitala m'chaka cha 1862 ya msana ndi nthiti za mapepala okhuthala, ndipo ambiri amati adafuna kuonetsa kuti mau amachokera m'thabwa la pamwamba. Mu 1995 kampani ya Taylor idapanga gitala ndi matabwa a phaleti yonyamulira katundu. Kuganiza kwathu n'kwakuti mtengo wodula umagula kukongola ndi ulemu koposa m'mene umagulira mau. Zimene zimaononga magitala a m'midzi kawirikawiri ndi zina: matabwa osauma bwino amene amang'aluka m'kutentha kwa Okutobala, guluu wosalimba, khosi lopanda chochirikiza, ndi timizere ta pakhosi toikidwa mongoyerekeza. Malaina ngwopepuka ndipo amapalika bwino. Sendeleya ndi wa banja limodzi ndi mbawa, ndiponso ndi mbale wa Cedrela odorata, mtengo umene amisiri a ku Spain amasemera makosi a magitala ao. Ndiye kuti mtengo wa m'mbali mwa mseu, umene anthu sauyesa kanthu, uli pafupi ndi zimene mabuku akunja amayamikira. Ndipo pamene ndalama ya kwacha idagwetsedwa ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, chilichonse chochokera kunja, nsambo zomwe, chidakwera mtengo, motero chifukwa chopangira gitala kwathu konkuno chikadali chomwe chija cha m'zaka za m'ma 1950.

Maina a mitengo yobwerayi nawonso ngophunzitsa. Bulugamu ndi blue gum wothiridwa malembo a liu pakati pa malembo opanda liu, monga mwa malamulo a maphatikizo a Chichewa. Malaina adachokera ku dzina la Chilatini Gmelina monga adalitchulira Angerezi a zankhalango. Phatikizo loyamba lidamveka ngati ma- wa gulu la Li-Ma, ndipo dzinalo lidakhazikika lokhala ngati lochulukitsa ngakhale mtengo uli umodzi. Palibe komiti imene idakonza zimenezi.

6. Gitala m'magulu a maina

Liu lakuti gitala silidakhazikike m'gulu limodzi. Timamva gitala yanga, gitala langa, ndiponso gitala wanga, koma pochulukitsa pafupifupi onse amati magitala. Akuti langa akutsata ma- wa zambiri nabwerera nazo ku gulu la Li-Ma. Akuti yanga akuliika m'gulu la I-Zi, kumene mau ambiri obwereka amagwera, nabwereka kuchulukitsa ku gulu lina monga tichitira ndi galimoto yanga, magalimoto anga. Akuti wanga ali ndi chitsanzo chakale kumbuyo kwao, pakuti zeze, kaligo ndi bangwe zimatenga agwirizanitsi a gulu la anthu: zeze wanga, azeze. M'nkhani ino tatsata yanga. Sitikuona chifukwa chakuti wolemba dikishonale asankhe imodzi n'kutcha zinazo zolakwa. Chofunika ndi kulemba zonse zitatu ndi kusonyeza kumene iliyonse imamveka, ntchito imene ingatheke ndi kafukufuku wochepa m'maboma angapo.

Lembo la r la Chingerezi, limene Angerezi ambiri salitchula n'komwe kumapeto kwa liuli, lidatulukira ngati phatikizo lathunthu la -la. Izi zikutipatsa maganizo akuti liuli lidadutsa m'kamwa mwa anthu amene amatchula r, kapena kuti Chipwitikizi guitarra chidathandizapo. Kumwera kwa nyanja, kumene malire a Mozambique ali kuseri kwa mapiri a Namizimu, njira yachiwiriyi siyenera kutayidwa msanga.

Aneni ngakwathu pafupifupi onse. Timati kuimba gitala, mneni yemweyo wa nyimbo ya pakamwa, kapena kuliza gitala, ndiye kuichititsa kulira monga ng'oma ndi belu. Kukunga kudachokera ku uta ndi ku ng'oma. Pambali pake padadza kuchuna, kuchokera ku tune, kumene kumagwiranso ntchito pa wailesi. Aneni awiriwa sakulimbirana malo. Munthu amakunga nsambo kuti ilimbe, naichuna kuti igwirizane ndi zinzake, ndipo atha kukunga osachuna. Apa kubwereka kudaonjeza kusiyanitsa kumene kudalibe liu lakelake. Momwemonso waya ndi nsambo: waya ndi chitsulo chimene chili pa njinga kapena m'sitolo, ndipo chimasanduka nsambo chikakungidwa pa choimbira. Wokonza chilankhulo amene angathamangitse waya ndi kuchuna poti nzachilendo adzasaukitsa chilankhulo chimene akuti akuchiteteza.

Pa zigawo za gitala, thupi la munthu lidathandiza: mutu, khosi, mimba, msana, nthiti. Zina mwa izi zikufanana ndi Chingerezi, koma sitiyenera kufulumira kunena kuti nzomasuliridwa, pakuti Chichewa chimapatsa kale ziwalo zotere ku mtsuko, ku bwato ndi ku nyumba. Zokungira nsambo ena amati makiyi, ena zikhomo.

Vuto lenileni lili pa mbiri ya kayendetsedwe ka chilankhulo. Chinyanja cha kunyanja chidali ndi mabuku ake: Herbert Barnes adasindikiza mndandanda wa mau ake mu 1902, ndipo Johnson ndi anzake adamasuliramo Baibulo. Msonkhano wa chipani cha Malawi Congress wa 1968 utasankha dzina la Chichewa, muyeso udatsamira pa kalankhulidwe ka chigawo cha pakati, ndipo Bungwe la Chichewa lidathera mphamvu zambiri pa malamulo a kalembedwe a 1973, 1980 ndi 1990 ndi pa kudzudzula zolakwa pa wailesi. Mau a asodzi, osema mabwato ndi akalipentala a ku Malindi, ambiri mwa iwo olankhula Chiyao ndi Chinyanja mosinthanasinthana, adaoneka ngati a m'mbali. Centre for Language Studies, imene idalowa m'malo mwa Bungwelo mu 1996, idatsegula khomo la zilankhulo zina nitulutsa Mtanthauziramawu wa Chinyanja mu 2000. Komabe maphunziro a ntchito zamanja m'makoleji a boma amaperekedwa m'Chingerezi, ndipo lamulo la maphunziro la 2013 lidaika Chingerezi kukhala chophunzitsira m'sukulu. Kotero mnyamata wophunzira ukalipentala ali ndi mau awiri pa chinthu chimodzi, la m'buku loyankhira mayeso ndi la pa shedi logwirira ntchito, ndipo lachiwirili silinalembedwe mokwanira.

Pali zigawo ziwiri za gitala zimene zikusonyeza m'mene ntchitoyi ingayendere. Choyamba ndi kamtengo kamene nsambo zimagonapo pamimba, kamene m'Chingerezi ndi bridge. Kumasulira kolunjika kungatipatse mlatho, liu limene silinena kanthu kwa mmisiri popeza palibe chooloka. Bangwe ali ndi timitengo togwira ntchito yomweyo, ndipo oimba bangwe amene akalipo ayenera kufunsidwa dzina lake m'Chichewa, m'Chiyao ndi m'Chisena tisanapeke lathu. Ngati pangafunike kupeka, mtsamiro ungayenere bwino koposa mlatho.

Chachiwiri ndi timizere tachitsulo ta pakhosi, timene m'Chingerezi ndi frets. Pa gitala ya m'fakitale malo ake amawerengedwa ndi masamu: utali wotsala wa nsambo umagawidwa ndi 17.817 pa mzere uliwonse, kotero kuti mzere wa 12 umagwa pakati penipeni pa nsambo. Pa gitala ya mamilimita 650, mzere woyamba umakhala mamilimita 36.5 kuchokera kumutu. Mmisiri wa m'mudzi amakhoma timawaya kapena timisomali topinda potsata khutu lake, ndipo nthawi zina amaika towerengeka tokha timene nyimbo zake zikufuna. Wophunzira nyimbo za ku Ulaya akamva banjo yotere amati njosachuna. Koma ofufuza nyimbo za kumwera kwa Malawi adapeza kuti zoimbira zina zakale, monga ulimba wa ku Chigwa cha Shire, zimagawa mau m'masitepe asanu ndi awiri otalikirana pafupifupi mofanana, kusiyana ndi masitepe 12 a piyano. Tsono pofunsa mmisiri dzina la timizereti, wofufuza atenge ndi chingwe choyezera, alembe mamilimita a mzere uliwonse pambali pa liu limene wauzidwa, ndiponso dzina la mtengo umene khosilo lidasemedwa.